Tiwafunse chiyani tisanawakhazike pamodzi?

Zokambirana za pa gulu la WhatsApp la alangizi a mabanja, maparalegal (othandiza anthu pa nkhani za malamulo), anamwino, oteteza ana, atsogoleri a zipembedzo ndi ankhoswe a m'boma la Mangochi

Lachiwiri madzulo

Admin (mlangizi, pa Boma): Mwaswera bwanji nonse. Nkhani ya sabata ino ndi iyi. Ambiri a ife munthu akabwera ndi dandaulo la m'banja, kaya la chisamaliro cha ana, kaya kugawana katundu, kaya akufuna banja lithe, timathamangira kulemba kalata yoitana mnzakeyo. Tsiku likafika timawakhazika pamodzi kuti tiwayanjanitse. Funso langa ndi lakuti, tisanalembe kalatayo, timadziwa bwanji kuti sitikuika moyo wa wina pachiswe? Kumayiko ena kuli mafomu a mafunso ounikira chiopsezo omwe mlangizi kapena mkhalapakati amadutsamo kaye ndi munthu aliyense payekha. Kodi ifenso tiyambe? Chonde popereka zitsanzo osatchula dzina la munthu kapena mudzi wake.

Agogo Ankhoswe (Makanjira): Zikomo mayi. Ine unkhoswe ndinauyamba ambiri a inu musanabadwe ndipo pepala sindinaligwirepo. Mwamuna wankhanza amaoneka pamaso, mkazi womenyedwa amaonekanso. Mafomuwo ndi a anthu omwe kwawo kulibe ankhoswe.

Namwino (Monkey Bay): Agogo, pepani kukudulani. Wooneka pamaso ndi amene watupa diso. Amene anamukanyanga pakhosi usiku nthawi zambiri alibe bala lililonse looneka. Amabwera kuchipatala akudandaula mutu, mawu atasasa, kapena akuti kumeza kukuwawa. Ukapanda kumufunsa mosapsatira kuti "kodi anakugwirani pakhosi?" umangomupatsa panado nkumapita. Chonsecho ameneyo ndi amene ali pangozi yaikulu kuposa wotupa diso uja.

Agogo Ankhoswe (Makanjira): Ndiye kuti zaka zonsezi ife timangoseweretsa nthawi?

Namwino (Monkey Bay): Ayi agogo, sindinatero. Ndikungoti pali zinthu zomwe mkazi sangazinene mwamuna wake ali pompo, amalume ake ali pompo, apongozi ali pompo.

Paralegal (Namwera): Ine ndiyambire pa kalata yomwe Admin aitchula, chifukwa timaiona ngati kanthu kakang'ono. Kodi amanyamula kalatayo kukapereka ndani? Kawirikawiri ndi wodandaula yemweyo. Mayi wathawa dzana, ali kwa mchemwali wake, ife tikumuuza kuti tengani kalatayi mukawapatse amuna anu, mubwere nonse Lachinayi. Tamubweza tokha m'nyumba yomwe waithawa, atanyamula umboni woti wakamuneneza. Ngakhale fomu titapanda kukhala nayo, funso loti "kodi mukakapereka kalatayi chikachitike ndi chiyani?" liyenera kufunsidwa.

Mayi Busa (M'baluku): Zoona zimenezo. Komanso akatuluka mu ofesi amabwerera njira imodzi, mwina pa kabaza mmodzi.

Namwino (Monkey Bay): Kwa amene akuopa kuti fomu ndi chimtolo cha mapepala, ndikupatseni yaifupi yomwe ife azaumoyo timaidziwa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa kabuku ka ogwira ntchito zachipatala mu 2014, ndipo muli mafunso 6 okha oonera ngati mayi ali pangozi ya posachedwa. Kodi kumenyako kwakhala kukuchulukira kapena kukulirakulira m'miyezi 6 yapitayi? Kodi anakuvulazaniponi ndi chida kapena kukuopsezani nacho? Kodi anakukanyanganiponi pakhosi? Kodi mukukhulupirira kuti atha kukuphani? Kodi anakumenyaniponi muli oyembekezera? Kodi nsanje yake ndi ya nthawi zonse, yofika pochita nayo chiwawa? Akayankha kuti inde pa atatu kapena kuposerapo, kabukuko kamati mayiyo atha kukhala pangozi yaikulu, ndipo si bwino kungomusiya abwerere kunyumba osakonza naye njira.

Wophunzira (ali pa attachment): Madam, mafunso 6 okhawo akukwanira?

Namwino (Monkey Bay): Pa mzere wa kusikelo wa anthu ochuluka, akukwanira kukuuza kuti uyu ndimutengere pambali. Si oweruzira mlandu. Ndipo WHO yomweyo sinati tizifunsa mayi aliyense wolowa pakhomo la chipatala, inati tizifunsa pamene pali zizindikiro, komanso pamene tili ndi malo obisika ndi kotumiza munthuyo.

Achimwene a ku Adelaide: Moni kunyumba. Kuno kwacha kale, ndawerenga zonse ndisanapite kuntchito. Ndine wa kwa Chimwala koma ndimagwira ntchito yothandiza mabanja kuno ku Australia, ndiye ndifotokozeko zomwe ndimaziona. Kuno makolo omwe asiyana akamalimbirana ana, lamulo limafuna kuti ayambe ayesa kukambirana kudzera mwa mkhalapakati asanapite kukhoti, kupatula ngati pali nkhanza kapena zina zofunika changu. Tsono vuto linali lomwelo mwalitchulalo: mkhalapakati adziwa bwanji kuti pali nkhanza ngati sanafunse? Pali chida chotchedwa DOORS chomwe anachikonza Jennifer McIntosh mogwirizana ndi bungwe la Relationships Australia la ku South Australia. Gawo loyamba kholo limayankha lokha mafunso, ambiri ndi a inde kapena ayi. Gawo lachiwiri ndi lomuthandiza mlangizi kukhala pansi ndi munthuyo nkumufunsa mozama pamalo pamene payankhidwa zodetsa nkhawa. Kuyambira kumapeto kwa 2020 makhoti a mabanja anayambanso kugwiritsa ntchito mtundu wina wa mafunso amenewa mu ndondomeko yotchedwa Lighthouse, yomwe inayambira ku Adelaide, Brisbane ndi Parramatta. Milandu yooneka kuti ili ndi chiopsezo chachikulu imaikidwa pa mndandanda wakewake kuti iyende mwachangu.

Chomwe ine chimandisangalatsa ndi chakuti DOORS sifunsa za kumenya kokha. Imafunsa mmene munthuyo akupiririra kutha kwa banja, za mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, mmene ana akukhalira, mavuto a ndalama, komanso ngati iye mwini akuganiza zodzivulaza kapena kuvulaza wina. Ndipo amayankha onse awiri, bambo ndi mayi, aliyense payekha.

Agogo Ankhoswe (Makanjira): Mwana wanga, kumeneko munthu amayankha yekha pa kompyuta. Kuno kwa ife mayi woti sanafike Standard 4 ayankha bwanji?

Achimwene a ku Adelaide: Agogo mwalasa. Sindikunena kuti muitenge momwe ilili. Mutengepo mfundo ziwiri: aliyense afunsidwe payekha, ndipo mafunsowo akhale omwewo kwa aliyense kuti zisadalire kuti lero mlangizi wadzuka bwanji. Kuwerenga atha kuwerenga mlangiziyo.

Shehe (Malindi): Asalaam aleikum nonse. Ine zimenezi sindikuziona zachilendo. Mu Qur'an, surat An-Nisa ndime 35, timalamulidwa kuti tikaopa kuti banja lipasuka tisankhe woweruza mmodzi wa kuchimuna ndi wina wa kuchikazi. Wa kuchikaziyo ntchito yake ndi yoti amve mwana wawo payekha asanakumane ndi mnzake wa kuchimuna. Chomwe chinatisokoneza ndi changu. Anthu amabwera pambuyo pa swala, onse pamodzi, akufuna nkhani ithe lomwelo chifukwa mwamuna akupita kunyanja usiku. Timamaliza ndi mawu akuti pirirani. Koma pali mafunso ena pa 6 aja omwe ine ngati mwamuna sindingamufunse mkazi wa mwini tili awiri. Pamenepo pakufunika amayi a m'gulu lathu aphunzitsidwe.

Mayi Busa (M'baluku): Shehe, kumpingo ndi chimodzimodzi. Abusa akakhala mkati, mayi amangoti "tinangosemphana Chichewa". Akatuluka, kuseri kwa tchalitchi, ndi pomwe amandionetsa msana.

Lachitatu m'mawa

Wophunzira (ali pa attachment): Mwadzuka bwanji makolo. Usiku ndinabwerera ku zomwe tinaphunzira m'kalasi kuti ndione komwe mafunso aja anachokera, chifukwa agogo anati ndi za azungu basi. Ku America kuli namwino wina, Jacquelyn Campbell wa ku yunivesite ya Johns Hopkins, yemwe m'zaka za m'ma 1980 anakonza chida chotchedwa Danger Assessment. Panopa chili ndi mafunso 20, ndipo chimayamba ndi kalendala pomwe mayi amachonga masiku omwe anamenyedwa m'chaka chapitacho ndi kukula kwa kumenyako. Akuti kalendalayo imathandiza chifukwa munthu womenyedwa kawirikawiri amachepetsa nkhani, koma akaona machongi ali ndandanda amazindikira yekha kuti zikukula. Mu 2003 iye ndi anzake anatulutsa kafukufuku wa m'mizinda 11 woyerekeza amayi omwe anaphedwa ndi amuna awo ndi amayi omwe ankazunzidwa koma ali moyo. Zomwe zinaoneka kuti zimakweza ngozi ndi monga mwamuna kukhala ndi mfuti, kukhala wosagwira ntchito, kuopsezapo ndi chida, mnyumba kukhala mwana wopeza wa mwamunayo, komanso mkazi kuchoka makamaka ngati mwamunayo ndi wolamulira chilichonse. Kafukufuku wina wa mu 2008 anapeza kuti mayi yemwe anakanyangidwapo pakhosi ali pa chiopsezo chophedwa choposa ka 7 poyerekeza ndi amene sizinamuchitikirepo.

Paralegal (Namwera): Mfundo ya kuchokayo muigwiritse. Ife timaganiza kuti mayi akachoka ndiye kuti wapulumuka. Miyezi yoyambirira atachoka ndi yomwe ili yoopsa kwambiri. Ndipo ndi nthawi yomweyo yomwe amabwera kwa ife kudzafunsa za chisamaliro cha ana ndi katundu. Ndiye kuti anthu amatipeza ngozi ili pachimake, ife nkumaona ngati ndi nkhani ya ndalama za sopo.

Woteteza Ana (kwa Chimwala): Koma mfuti kuno ndi ya ndani? Kusagwira ntchito ndiye mukafunsa mudzi wonse uyankha inde.

Wophunzira (ali pa attachment): 😂 Zoona bwana.

Paralegal (Namwera): Mfuti kulibe koma chikwanje chili m'nyumba iliyonse, mpeni wotumbulira nsomba, nkhafi, mpini wa khasu, petulo wa injini ya boti. Funso lisakhale loti chidacho chilipo, likhale loti anachinyamulapo kukuopsezani nacho. Ndipo pali zinthu za kwathu kuno zomwe fomu ya ku America singazidziwe. Mwachitsanzo za ku Joni. Bambo watha zaka ali ku South Africa, amatumiza ndalama ndi malata, nyumba yamangidwa pa malo a kwa mkazi chifukwa ndi chikamwini. Abale ake akumuimbira foni kuti mkazi wako akuyenda ndi wakuti. Akubwera mu December atakwiya kale, ndipo akudziwa kuti banja likatha wochoka pamudzipo ndi iyeyo, nyumba itsala. Ine ndikamva kuti "abambo akubwera mwezi wamawa ndipo pa foni akumandiuza kuti tikaonana", ndimauona ngati mlandu wa changu ngakhale sanamenyepo ndi kamodzi komwe.

Agogo Ankhoswe (Makanjira): Apo ndiye wanena zoona mnyamata iwe. Mkamwini woti akuona kuti ataya mkazi, ana ndi nyumba tsiku limodzi ndi woopsa. Zimenezo ndimazidziwa popanda fomu.

Admin (mlangizi, pa Boma): Inu mumazidziwa agogo, koma mtsikana yemwe wangoyamba ntchito mwezi watha sazidziwa. Fomu yabwino ndi nzeru zanu zomwezo zitalembedwa kuti nayenso asadumphe funso.

Agogo Ankhoswe (Makanjira): Hmm. Safunsa anadya phula, paja amatero. Koma ndikumvetserabe.

Mayi Busa (M'baluku): Muonjezerenso za mitala. Mwamuna akatenga mkazi wachiwiri, wamkulu akayamba kufunsa za ndalama, ndi pomwe manja amayamba. Komanso za kunyanja: nyengo yomwe usipa wagwidwa wambiri ndalama zimathera ku mowa, alovi akabwerako kunyumba kulibe mtendere. Nyengo ya mwera, ndalama kulibe, mtendere kulibenso.

Mphunzitsi (Namiasi): Ndakhala chete kuyambira dzulo koma ndilankhuleko. Zonse mukunenazi mwamuna ndiye chilombo. Amuna omwe akuthiridwa madzi otentha ndi akazi awo bwanji? Omwe akumanidwa kuona ana awo? Malipoti a apolisi a anthu odzipha m'dziko muno chaka chilichonse amaonetsa kuti ambiri ndi amuna, ndipo zifukwa zomwe zimatchulidwa kawirikawiri ndi ngongole ndi mavuto a m'banja. Fomu yanuyo iwaona?

Namwino (Monkey Bay): Aphunzitsi, amuna ozunzidwa alipo ndipo timawalandira. Koma tisabise chiwerengero. Kafukufuku wa boma wa DHS wa 2015-16 anapeza kuti amayi 42 pa 100 alionse omwe anakwatiwapo anachitiridwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya kumenyedwa, kukakamizidwa kugonana kapena kuzunzidwa m'maganizo. Ndipo WHO inapeza mu 2013 kuti pa amayi onse ophedwa padziko lapansi, pafupifupi 38 pa 100 amaphedwa ndi amuna kapena zibwenzi zawo.

Mphunzitsi (Namiasi): Sindikutsutsa manambalawo mayi. Ndikufunsa ngati bamboyo afunsidwe nawo.

Achimwene a ku Adelaide: Aphunzitsi funso lanu ndi labwino, ndipo yankho ndi inde. Ndi chifukwa chake ndinati onse awiri. Bambo afunsidwe ngati iye akuopa mkazi wake kapena abale a mkaziyo, ngati akugona tulo, ngati mowa wachuluka, ndiponso mosazungulira ngati anaganizapo zodzipha. Anthu amaopa kuti ukamufunsa munthu zimenezi ndiye wamupatsa maganizowo, koma akatswiri a za maganizo anaona kuti si choncho, ambiri amapepukidwa kuti wina wafunsa. Chinanso, funso lomwelo limateteza onse. Mwamuna wonena kuti "ukandisiya ndidzipha" ali pangozi iye mwini, koma mkazi ndi ana alinso pangozi, chifukwa ena amayamba apha banja kenako nkudzipha. Mawu amenewo mkhalapakati asamawaone ngati chikondi kapena matama.

Namwino (Monkey Bay): Akayankha kuti inde, funsaninso ngati m'nyumba muli tameki kapena mapilitsi osungira chimanga, ndipo wachibale wodalirika awachotse tsiku lomwelo. Kenako mubwere naye kuchipatala, ku zipatala za boma kumakhala ogwira ntchito za matenda a maganizo.

Mphunzitsi (Namiasi): Ngati zili choncho ndili nanu.

Lachitatu usiku

Woteteza Ana (kwa Chimwala): Ine nkhawa yanga ndi pepalalo likadzadzidwa. Ligona kuti? Maofesi athu ambiri kabati ilibe loko, ena timayenda ndi mafayilo m'chikwama pa njinga. Mudzi ndi waung'ono, mlonda wa pa ofesi ndi msuweni wa mwamunayo. Pepala lolembedwa kuti "akuti atha kundipha" likafika m'manja olakwika ndi lomwe limuphetse mayiyo.

Admin (mlangizi, pa Boma): Mfundo yaikulu imeneyo. Maganizo anga: pa fomu pasalembedwe dzina, palembedwe nambala, dzinalo likhale m'buku lina lotsekeredwa. Mayi asapatsidwe kope yopita nayo kunyumba. Osajambula fomu ndi foni, ndipo osaitumiza pa gulu lino ngakhale mukufuna malangizo. Musanamuimbire munthu mufunseni kaye kuti foniyo amaigwira ndani komanso nthawi yabwino ndi iti, chifukwa m'nyumba zambiri foni ndi imodzi ndipo imagona m'thumba la bambo.

Shehe (Malindi): Muganizirenso za omasulira. Kwa Katuli, kwa Jalasi, ku Makanjira, amayi ambiri nkhani ya mumtima amainena m'Chiyao. Mlangizi akakhala wosamva Chiyao amangoitana aliyense ali pafupi, nthawi zina mlamu wake wa mayiyo kapena mwana wake wa zaka 12. Mwana asamasulire nkhani za kuchipinda za mayi ake. Wachibale wa mwamuna asamasulirenso.

Woteteza Ana (kwa Chimwala): Sikomo kwejinji Shehe. Ndionjezere za ana. Musamulonjeze munthu kuti "zonse munene zithera pano", chifukwa si zoona. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limatilamula kuti tikadziwa kuti mwana akuzunzidwa tidziwitse a Social Welfare kapena apolisi. Ndiye muuzeni musanayambe mafunso kuti chinsinsi chilipo, koma mukanena zoti mwana ali pangozi kapena moyo wa munthu uli pangozi, ndidzayenera kuuza ena, ndipo ndidzakuuzani ndisanatero. Asankhe yekha ponena akudziwa. Mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, malamulo aakulu a dziko anasinthidwa mu 2017 kuti zimveke choncho. Tsono "mkazi" yemwe wabwera ndi dandaulo la m'banja akakhala wa zaka 16, imeneyo si nkhani yoyanjanitsa ayi.

Namwino (Monkey Bay): Ndipo mukamva zoti wina wagwiriridwa, kaya mwana kaya wamkulu, siyani fomu, muthamangire naye kuchipatala. Mankhwala a PEP oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72. Osadikira kuti ankhoswe akumane Loweruka.

Paralegal (Namwera): Ine ndibwere ndi mbali yomwe ikundivuta. Tikayamba kuwerenga ma "inde" nkumati atatu ndi ngozi, awiri si ngozi, tsiku lina tidzabweza mayi wa "inde" mmodzi yekha, mmodziyo ali wakuti "ndikukhulupirira kuti andipha". Nambala idzatipusitsa.

Wophunzira (ali pa attachment): Bwana, ku UK anakumana nazo zomwezo. Kumeneko kuli fomu yotchedwa DASH yomwe inayamba mu 2009. Ya bungwe la SafeLives ili ndi mafunso 24, ndipo ma "inde" akafika 14 nkhaniyo imapita ku msonkhano wotchedwa MARAC, komwe apolisi, azaumoyo, oteteza ana, a zanyumba ndi ena amakhala pamodzi nkugawana zochita pa munthu mmodziyo. Misonkhano imeneyi inayambira ku Cardiff mu 2003. Koma malangizo ake amanenanso kuti wogwira ntchito akaona kuti pali ngozi yaikulu atumize nkhaniyo ngakhale nambala isanakwane. Ndipo ofufuza ena ku England anapeza kuti DASH yodzadzidwa ndi apolisi pamalo a mkangano sinkalosera bwino kuti ndani adzavulazidwenso kwambiri.

Achimwene a ku Adelaide: Nzosadabwitsa. Fomu yomweyo ikafunsidwa ndi munthu wothamanga, ataimirira pakhomo, mwamuna ali kuseri kwa chitseko, mayankho ake onse ndi "ayi". Chimagwira ntchito ndi kafunsidwe. Ine lamulo langa ndi ili: nambala itha kukweza nkhawa yanga koma siingaitsitse. Mayi akati akuopa, ndimamukhulupirira ngakhale fomu ikuoneka yoyera. Komanso "ayi" wa lero si wa mpaka kale, mufunsenso akabweranso, makamaka tsiku la kukhoti likayandikira kapena mwamuna akamva kuti mkazi wapeza wina.

Mphunzitsi (Namiasi): Nanga wina akanama kuti awine mlandu wa ana?

Paralegal (Namwera): Fomu si chigamulo aphunzitsi, ndipo si umboni woti wina ndi wolakwa. Umboni amauyesa ndi a majisitireti. Fomu ikungotiuza ife kuti awa tisawakhazike chipinda chimodzi, kalata ipite ndi munthu wina, abwere nthawi zosiyana, wodandaula atuluke poyamba. Ngati wanama, bamboyo wataya chiyani? Wangomvedwa payekha. Ngati sananame ndipo ife sitinamumvere, mukudziwa chotsatira.

Agogo Ankhoswe (Makanjira): Tsono mwafunsa, mwapeza kuti ngozi ilipo. Kenako? Kuchokera kuno kukafika pa Boma ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100, ndipo nthawi ya dzinja ulendo wake mukuudziwa. Mayi ndamufunsa, walira, wandiuza zonse, dzuwa lalowa. Ndimugoneka kuti? Mukandipatsa mafunso opanda kopita naye mwangondisenzetsa mtolo.

Admin (mlangizi, pa Boma): Agogo funso limeneli ndi lomwe likundisowetsa tulo, ndipo ndikuona kuti tisayambe kugawa fomu tisanaliyankhe dera ndi dera. Nyumba zobisalako anthu othawa nkhanza ndi zochepa kwambiri m'dziko muno. Zomwe tili nazo ndi Victim Support Unit ya apolisi, makomiti a m'madera, a Social Welfare, chipatala, mafumu, mizikiti ndi mipingo, komanso manambala aulere, 5600 ya nkhanza ndi 116 ya ana. Dera lililonse likhale ndi mayina a anthu enieni oimbira usiku, osati dzina la ofesi lokha.

Paralegal (Namwera): Kumbali ya malamulo zida zilipo koma sitizigwiritsa ntchito mokwanira. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limapatsa khoti mphamvu yopereka protection order yoletsa wankhanza kuyandikira kapena kuopseza, occupation order yoti wozunzidwa akhale m'nyumbamo wankhanzayo atuluke, ndi tenancy order ngati nyumba ndi ya lendi. Pakakhala changu khoti litha kupereka chiletso chongoyembekezera mlandu usanamvedwe wonse. Ofuna loya koma alibe ndalama apite ku Legal Aid Bureau. Ndipo anthu asamaopsezedwe kuti "ukwati wanu ndi wa kwa shehe kapena wa kwa ankhoswe, khoti silikudziwani". Lamulo la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa chikhalidwe ndi wa chipembedzo womwe.

Mayi Busa (M'baluku): Pepala la khoti ndi labwino koma siligwira chikwanje usiku. Ine ndimakhala ndi mayiyo nkukonza naye zing'onozing'ono. Buku la kuchipatala lake ndi la ana, chiphaso cha unzika ndi zovala pang'ono zikhale kwa mnzake wodalirika. Kandalama ka transport kakhale pa Mpamba kapena Airtel Money ya munthu wina, osati pa foni yomwe bambo amaigwira. Agwirizane ndi woyandikana naye chizindikiro, kaya kumenya chidebe, kaya kutuma mwana kukapempha mchere usiku. Mkangano ukayamba asathawire kukhitchini komwe kuli mipeni, ayandikire kukhomo. Ana auzidwe kuti asalowerere, athamange kukaitana anthu. Ndipo sindimuuza kuti chokani kapena khalani. Amadziwa mwamuna wake kuposa ine.

Agogo Ankhoswe (Makanjira): Za mcherezo ndazikonda. Koma ine ndinenebe: ntchito ya nkhoswe ndi kumanga banja. Mukatipatsa mafunso amenewa mabanja ambiri atha.

Shehe (Malindi): Agogo, mabanja ambiri omwe amabwera kwa ife ndi a mikangano wamba, ndalama za ndiwo, apongozi, foni. Amenewo mafunso 6 aja adzayankha ayi, ndipo tidzawayanjanitsa monga mwa kale. Ndi ochepa omwe tidzawapatule. Ine ndinaikapo maliro a mayi yemwe nkhani yake inali itakambidwa kangapo pabwalo la abale, ndipo palibe anamufunsa payekha.

Agogo Ankhoswe (Makanjira): Ndamva Shehe. Kufunsa mkazi wa mwini za pakhosi ndi za pathupi ine sindingathe. Koma mayi a kunyumba kwangawa ndi anankungwi, atsikana amawauza zonse. Mukawaphunzitsa iwowo azifunsa, ine ndizikhala ndi mwamunayo. Pepala lokha ndiye ayi, tizisunga pamutu.

Woteteza Ana (kwa Chimwala): Pamutu pokha sipakwanira agogo. Nkhani ikafika kukhoti kapena inu mukadwala, wotsatira ayambira pati?

Agogo Ankhoswe (Makanjira): Nanga si iwe wemwe wati pepala likhoza kuphetsa munthu?

Woteteza Ana (kwa Chimwala): Ndinatero, ndipo zonse ziwiri ndi zoona 😅

Admin (mlangizi, pa Boma): Imeneyo tikaimalize pamaso. Tichite chonchi. Anamwino ndi Wophunzira alembe mafunso osapitirira 12, kuyambira pa 6 a WHO aja, kuonjezera za kusiyana, za kudzipha, za ana, ndi za obwera kuchokera ku Joni. Shehe ndi Woteteza Ana awaike m'Chiyao ndipo awayese kaye ndi amayi a m'makomiti, osati ndi odandaula. Paralegal alembe tsamba limodzi la zochita ngozi ikapezeka, kuphatikizapo wonyamula kalata. Aliyense abwere ndi manambala a anthu oimbira usiku a m'dera lake. Achimwene a ku Adelaide, tikakutumizirani mutionereko mbali ya mafunso a abambo. Tikumane Loweruka la sabata yamawa pa Boma, 9 koloko, malo ndikuuzani.

Achimwene a ku Adelaide: Tumizani, ndiona Lamlungu.

Mphunzitsi (Namiasi): Mbali ya abamboyo ndikufuna ndikhalepo nawo.

Agogo Ankhoswe (Makanjira): 9 koloko kuchokera ku Makanjira? Ikani 11. Ndipo ndikubwera ndi mayi, ndiye transport ndi ya anthu awiri. Abweza ndani?

Admin (mlangizi, pa Boma): 11 ili bwino. Za transport tisonkherana agogo, gulu lino lilibe donor.